Mjigo wa kwa Bembeke ndi Mbale Wake

Anabwera nako Sungeni m'chikwama cha laputopu,
kachitsulo kosaposa chikhatho cha mwana,
pamwamba pake timadontho takuda ndi toyera
tothithikana ngati nthenga za nkhanga
zimene wina wazidula ngodya zinayi.
Anati, a Kamtedza, khomerani apa, pakhosi pa mjigo.
Ndinaboola kanayi, ndikumanga.
Chifunga cha Juni chinali chisanachoke m'mapaini,
zala zanga zitauma gwa.

Kenako anakaloza ndi foni.
Ndinauona mjigo womwewu uli m'galasi,
atausenda khungu,
ndodo zake khumi ndi imodzi zikuoneka mpaka pansi
kumene ine ndimafikako ndi khutu lokha.
Anauzunguza ndi chala chimodzi.
Ine kuti ndiuzule ndimaitana amuna anayi
ndi kuwalonjeza tiyi wamkaka.

Uyu ndi mbale wake wamapasa, anatero.
Amakhala ku boma, m'kompyuta.
Mukasintha mphira kuno, mumuuze.
Mukamanga bawuti, mumuuze.
Akadwala wakunoyu, wakukoyo amve.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikumvera mijigo.
Ndimadziwa kutsokomola kwa mphira yotha,
mpini ukamalemera ngati ngongole ya feteleza,
ukamapepuka ngati thumba la pa twente.
Zonsezi zinali m'kope langa lachikuto chabuluu
lomwe chiswe chinadya kuyambira Malichi mpaka Ogasiti
wa chaka chimene ndinagona m'chipatala.
Ndiye sindinatsutse.
Chiswe sichidya chitsulo.

A Nangozo anakamata matope sabata yoyamba,
ati ndi mita, tiyamba kulipira ndowa iliyonse.
Ana a sitandade folo anakatsuka
kuti awerenge madontho, anakangana, anasiya.
Mbuzi inakanyambita.

Mu Okutobala ndodo yachisanu ndi chiwiri inathyoka.
Mpini unangogwa wokha, phwa,
ngati dzanja la munthu wokomoka.
Ndinaloza foni, kagudumu kanazungulira, kanazungulira.
Tsiku lina netiweki palibe,
tsiku lina mayunitsi atha,
tsiku lina magetsi ochajira kwa Bizaliyele azima.
Masiku asanu ndi anayi
mbale wa ku boma anali wobiriwira, wathanzi,
akutulutsa madzi osanyowetsa ndowa ya munthu,
pamene amayi ankatsikira kudambo mbandakucha
kukapala mchenga pambali pa madimba a kachewere.

Ndinakwera chulu cha kuseri kwa tchalitchi,
mawondo akulira ngati chitseko,
foni m'mwamba ngati ndikudalitsa mudzi.
Timizere tiwiri tinabwera.
Ndinadina pofiira.
Ndinamupha ndi chala changa mbale uja,
ndipo Lachinayi njinga yamoto inafika ndi ndodo yatsopano,
saizi yake yeniyeni,
popanda wondifunsa kuti mjigo uti, wozama bwanji.
Ichi ndivomere. Kale zinkatenga mwezi ndi makalata atatu.

Tinazula, tinalumikiza, tinabwezera.
Ndaziona, mtsikana amene ndikumuphunzitsa sipanala,
ndiye anapopa koyamba.
Madzi anabwera ofiira, kenako oyera,
kenako phokoso la zidebe.

Anati, abwana, timuuze uja kuti wachira.
Analoza foni yake, yachangu kuposa yanga,
nandisonyeza mzere wapansi:
dzina langa, tsiku, mphira ziwiri, bawuti imodzi.
Zaka zina zonse zija mulibemo.
Mulibe usiku umene tinavuula silinda ndi mbedza ya njinga,
mulibe chala ichi chimene sichipindika.

Ndinati, dikira, umuuza mawa.
Agoneko wakufa usiku umodzi,
amveko mmene zimakhalira
kukhala bwinobwino anthu akuti watha,
kapena kutha anthu akuti uli bwino.

Anaseka, nadina basi.
Ine ndinatola masipanala m'matope,
nambala teni ndikuisowabe.